Galimoto Ikamafuka Utsi Wakuda ndi Kulephera Chitunda

Nkhani yokambidwa pa wailesi kwa achikumbi ndi nyakwawa za m'maboma a Machinga ndi Balaka.

Lero ndifuna tisiye khasu pang'ono, tikambe za chinthu chimene chinyamula zokolola zathu kunka nazo ku msika, ndicho galimoto. Kapena wina anena mumtima kuti, "Ine ndine mlimi, galimoto ndilibe, nkhani imeneyi indikhudza bwanji?" Ikukhudzani ndithu. Lole imene mwaichita hayala ikafera panjira ndi matumba anu a mpunga, amene agona pamsewu kulondera matumbawo ndinu. Galimoto ikamamwa mafuta ambiri, mwini wake akweza mtengo pa thumba lililonse, ndipo olipira ndinu. Ndiponso alipo makalabu a alimi amene anasonkherana ndalama nagula galimoto, kapena thirakitala, kapena injini ya chigayo, ndipo chinthucho chikaonongeka mlandu wake ufika pa bwalo la nyakwawa.

Aliyense amene ayenda pa msewu wochokera ku Liwonde kukwera cha ku boma la Machinga anaionapo lole yodwala nthenda imene ndikunenayi. M'chigwa, kuchokera ku Ulongwe kapena ku Balaka kufika pa mlatho wa Shire, iyenda bwinobwino ndipo palibe adandaula. Koma ikangoyamba chitunda, woyendetsa aponda mafuta mpaka pansi, asintha giya, asinthanso, lole ingolira osathamanga, ndipo kumbuyo kwake kutuluka utsi wakuda bii, woti wanjinga amene ali m'mbuyo atseke mphuno. Pena mnyamata wothandiza atsika nayamba kuyenda pambali atanyamula mwala woti atsekere tayala lole ikayamba kubwerera. Zizindikiro ziwirizi, kuchepa kwa mphamvu ndi utsi wakuda, zikabwera pamodzi zinena chinthu chimodzi: mafuta achuluka kuposa mpweya.

MAFUTA OKHA SAYAKA

Kuti mumvetse bwino, tengani nyali yanu ya galasi. Mukakweza chingwe chake pang'ono, iwala bwino. Mukachikweza kwambiri kuti iwale koposa, ichita chiyani? Lawi lifiira, utsi uyamba kutuluka, ndipo posachedwa galasi lonse lada ndi mwaye. Palafini wapita wambiri koma kuwala kwachepa. Chifukwa chake nchakuti mpweya wolowa pa timabowo ta nyali sukwanira kutentha palafini yense amene chingwe chakweza. Chotsalacho ndicho mwaye.

Injini ya galimoto iri chimodzimodzi. M'kati mwake muli moto umene uyaka ndi kuzima kambirimbiri pa kamphindi, ndipo moto umenewo ufuna zinthu ziwiri, mafuta ndi mpweya. Anthu ambiri aganiza za mafuta okha, pakuti ndiwo amene tigula ndi ndalama, ndipo mpweya ngwaulere. Koma tamverani muyeso wake. Kuti kilogalamu imodzi ya petulo ipse yonse, pafunika makilogalamu 14.7 a mpweya. Tikati tiwerenge monga tiwerengera kumudzi, lita imodzi ya petulo ifuna mpweya wodzaza migolo 45, migolo ikuluikulu ija ya malita 200. Lita imodzi ya dizilo ifuna migolo 50, ndipo imeneyo ndiyo yochepetsetsa, pakuti injini ya dizilo iyamba kufuka isanafike pa malire amenewo. Kuti iyende yosafuka ifuna mpweya wopitirira pamenepo ndithu. Tsono mukaona utsi wakuda, dziwani kuti ndi ndalama zanu zimene zikutuluka ku ekizozi zosapsa.

MVUKUTO WA INJINI

Akuluakulu amene munaona osula makasu akale mukumbukira mvukuto, thumba lachikopa lija limene mwana ankapopa kuti makala ayake mpaka chitsulo chifiire. Galimoto zambiri za dizilo za masiku ano, monga ma Toyota Hilux, ma Isuzu ndi malole ambiri amene anyamula thonje ndi nandolo kuno kwathu, ziri ndi mvukuto wao, dzina lake turbo. Kanthu kake nkochepa, kooneka ngati nkhono ziwiri zogundana misana. M'kati muli timapiko tiwiri tozungulira, tolumikizidwa ndi kamtengo kamodzi kachitsulo. Utsi wotentha wotuluka mu injini uzunguza kaphiko ka mbali imodzi, ndipo ka mbali inayo kakoka mpweya wa kunja ndi kuukankhira mu injini mwamphamvu. Motero injini yaing'ono imeza mpweya wochuluka, itentha mafuta ochuluka, nikoka katundu ngati injini yaikulu.

Nzeru imeneyi si ya dzulo. Anaiyamba ndi mmisiri wa ku Switzerland dzina lake Alfred Büchi mu 1905. Poyamba inagwira ntchito m'sitima za pamadzi m'zaka za m'ma 1920, ndipo mu 1938 kampani ya Saurer ya m'dziko lomwelo inayamba kuiika m'malole. Sitima za pamtunda zimene zidutsa pa Nkaya ndi pa Liwonde kunka ku Nayuchi nazonso ziri ndi ma turbo akuluakulu, ndipo mluzu woonda umene mumva pansi pa kulira kwa injini yake uchokera mmenemo. Turbo ya galimoto izungulira koposa ka 100,000 pa mphindi imodzi. Liwiro limeneli musaliiwale, pakuti tibwereranso kwa ilo.

Mpweya ukapanikizidwa utentha, ndipo mpweya wotentha ngwopepuka. Nchifukwa chake galimoto zambiri ziri ndi kaladiyeta kena kutsogolo kapena pamwamba pa injini, koziziritsa mpweyawo usanalowe. Amakaniko akatcha intercooler. Choncho njira ya mpweya iri motere: ulowa pa sefa, upita ku turbo, udutsa m'mapaipi a mphira kufika ku intercooler, nulowa mu injini. Paliponse pa njira imeneyi pakatsekeka kapena pakabooka, mphamvu zichepa ndipo utsi uda.

Palinso china chimene ife a kuno kuchigwa tiyenera kudziwa. Mpweya wa mwezi wa October ku Balaka, dzuwa liri paliombo, ngwopepuka kuposa wa m'mamawa mwezi wa June. Wa pamwamba pa mapiri nawonso ngwopepuka. Liwonde iri pa mamita pafupifupi 500 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Dedza iri pa mamita oposa 1,500, ndipo injini yopanda turbo itaya pafupifupi gawo limodzi la magawo khumi a mphamvu zake pokwera mtunda umenewo. Turbo yabwino ibweza zambiri za mphamvu zotayikazo. Ndiye mukaona galimoto ya turbo ikufooka kwambiri mutangopitirira pa Chingeni kunka ku Ntcheu, musanene kuti ndi mmene zikhalira ku mapiri. Chiripo chalakwika.

YAMBANI MWAYANG'ANA MTUNDU WA UTSI

Musanatsegule kanthu kalikonse, imani kumbuyo muyang'ane. Utsi wakuda ndi mafuta osapsa bwino chifukwa chosowa mpweya. Utsi wobiriwira motuwa, wonunkha ngati oyilo wopserera, ndi oyilo amene akulowa m'moto. Pena achokera ku turbo yotha, pena ku injini yokalamba. Utsi woyera wosatha injini itatentha kale ndi dizilo amene sakuyaka nkomwe, kapena madzi a mu ladiyeta amene akulowa mu injini. Kautsi kakuda pang'ono kongotuluka kamodzi pamene woyendetsa waponda mafuta mwadzidzidzi sikadetsa nkhawa pa galimoto yakale. Koopsa ndi utsi wosalekeza chitunda chonse.

Ndiponso galimoto itha kufooka popanda utsi wakuda, ndipo imeneyo ndi nthenda ina. Sefa ya dizilo ikatsekeka ndi zinyalala, injini isowa mafuta, ifooka, koma utsi ukhala woyera bwino. Kilatchi ikatha, injini ilira kwambiri pa chitunda koma matayala satsatira, ndipo mumva fungo la chinthu chopserera. Mabuleki akamagwira okha, galimoto ilemera, ndipo mukayandikiza dzanja pa limu mutayenda pang'ono mupeza kuti latentha. Ndanena izi kuti musagule turbo pamene chofunika ndi sefa ya dizilo.

Funsaninso za katundu. Lole ya matani atatu malire ake ndi matumba 60 a makilogalamu 50. Mukaikamo matumba 90, pamwamba pake nkukhalaponso eni matumba ndi njinga zao, injini yamoyo bwino nayonso ifuka pa chitunda cha Machinga. Pamenepo wolakwa si injini, ndipo sikelo ya malole ya ku Balaka sinaikidwe pachabe.

SEFA NDI MAPAIPI

Tsopano tinene kuti katundu ali pa muyeso, koma utsi wakuda ulipobe. Lamulo langa ndi ili: yambani ndi chotsika mtengo ndi chosavuta kufikira, mutsirize ndi chodula. Amakaniko ena achita mosemphana. Angomva kuti mphamvu zachepa, mutu sanaulowetse nkomwe mu boneti, nanena kuti, "Turbo yafa, bwana," kapena "Pampu yatha." Mau amenewo angathe kumeza ndalama za thonje la chaka chathunthu.

Choyamba ndi sefa ya mpweya. Inu mudziwa fumbi la m'misewu yathu ya ku Utale, ya ku Chikweo ndi ya ku Nayuchi m'chilimwe. Fumbi lonselo, pamodzi ndi mankhusu ndi tiulusi ta thonje, litsakamira mu sefa imeneyi. Tsegulani chibokosi chake, muitulutse, muiyang'anitse ku dzuwa kapena muike tochi m'kati. Ngati kuwala sikudutsa, sefayo yatsekeka, ndipo injini ikupuma ngati munthu womutseka pakamwa ndi chiguduli. Kawirikawiri nthenda yonse ithera pomwepa. Ndaona anyamata akumenyetsa sefa pa tayala kuti fumbi lichoke. Musawalole. Pepala lake ling'ambika pamalo osaoneka, ndipo mchenga udutsa pamenepo. Ena aichotseratu sefa kuti galimoto ipume bwino, ndipo indedi tsiku loyamba ithamanga. Koma kumbukirani liwiro la turbo lija. Mchenga ukagunda timapiko tozungulira ka 100,000 pa mphindi, utidya monga mmene mwala wonolera udyera chikwanje, ndipo wotsalawo upita kukapala m'kati mwa injini. Sefa yotsekeka igulidwe ina.

Chachiwiri ndi mapaipi a mphira ochokera ku turbo kunka ku intercooler ndi ku injini. Apa ndifuna kuti ndichedwepo, pakuti ndi pamene anthu ambiri anyengedwa. Paipi yong'ambika siioneka injini ikamalira galimoto itaima, chifukwa nthawi imeneyo turbo siikankha mpweya mwamphamvu ndipo mng'aluwo ukhala wotseka. Utseguka pa chitunda pokha, mpweya utapanikizika. Nchifukwa chake galimoto yotere iyenda bwino m'chigwa ndipo makaniko akaiyesa pa galaja anena kuti iribe vuto. Woyendetsa watcheru amva phokoso loti fuuu kapena mluzu wachilendo nthawi imene waponda mafuta pa chitunda, ndipo akachotsa phazi phokosolo lileka. Chimenecho ndi chizindikiro chachikulu. Muzimitse injini, izizire, ndipo mufinye paipi iriyonse ndi dzanja kuzungulira konse, makamaka kunsi kwake ndi m'makona mmene maso safika. Muyang'ane pamene pali banga lakuda la oyilo wosakanikirana ndi fumbi, pakuti mpweya wothawa utuluka ndi kaoyilo pang'ono, ndipo fumbi limatirira pomwepo. Muyese zomangira zonse zachitsulo ngati ziri zothina. Misewu ya mabampu izimasula pang'onopang'ono. Lamba wa chubu cha njinga angakufikitseni ku Liwonde, koma si mankhwala. Paipi yotentha ndi yopanikizika chotere iufewetsa msanga.

Intercooler nayonso muiyang'ane. Mwala wa pamsewu utha kuiboola, ndipo banga la oyilo lija lionekanso pamenepo. Pena siinabooke koma yatsekeka kunja ndi matope, udzu ndi tizilombo, kotero kuti mpweya ulowa mu injini uli wotentha. Itsukeni ndi madzi mosamala, osapinda timapepala take tachitsulo.

Musaiwale kumene utsi utulukira. Paipi ya ekizozi imene inagunda mwala pa khwawa niphwatalala iletsa utsi kutuluka, ndipo utsi ukapanda kuthamanga turbo siizungulira bwino. Galimoto zatsopanoko ziri ndi sefa ya mwaye m'kati mwa ekizozi, imene itsekeka galimoto ikamangoyenda timaulendo tatifupi. Zambiri zirinso ndi kachitseko kotchedwa EGR, kamene kabweza utsi pang'ono mu injini. Mwaye ukakaunjikira, kakanirira kotsegula, ndipo injini imeza utsi m'malo mwa mpweya wabwino. Kameneka kawirikawiri kangofuna kutsukidwa.

TURBO YENIYENI

Zonsezi zikapezeka ziri bwino, ndiye nthawi yoyang'ana turbo yafika, ndipo ndi bwino mwini galimoto kapena wapampando wa kalabu akhalepo poyang'anapo. Injini ikhale yozimitsa ndi yozizira, makiyi ali m'thumba. Makaniko achotse paipi yochokera ku sefa kuti kaphiko kaoneke. Timasamba take tikhale tathunthu, tosagumuka m'mphepete. Kazungulire mosavuta ndi chala. Kugwedera pang'ono chammbali nkwachibadwa, pakuti kamtengo kake kayandama pa oyilo. Koma ngati kaphiko kakhudza khoma, kapena kamtengo kalowa ndi kutuluka mukakakoka, turbo yathadi. Kuyerekeza ndi mafuta a nkhope, kaoyilo konyowetsa chala kokha m'mapaipi sikoopsa, koma oyilo wochita kudontha kapena kudikha ndiye woopsa.

Pambali pa turbo pali kachitseko kena kotchedwa wastegate, kamene kataya utsi wina kuti mpweya usapanikizike mopitirira. Kakachita dzimbiri nikakanirira kotsegula, turbo yamoyo bwino ichita ngati yakufa. Ma turbo atsopano ali ndi timapiko tosunthika m'malo mwa kachitseko, ndipo nato timatidwa ndi mwaye. Makaniko wodziwa ntchito ali ndi geji yoyezera mphamvu ya mpweya wa turbo galimoto ikuyenda. Mufunseni ngati wayeza. Ngati sanayeze, akulosera.

Turbo ikapezeka kuti yafadi, musathamangire kugula ina musanafunse chimene chaipha. Turbo siifa yokha. Iphedwa ndi mchenga, kapena oyilo wakuda wosasinthidwa, kapena kapaipi kobweretsa oyilo kamene katsekeka. Mukaika yatsopano chakuphacho chikadalipo, mudzaiika m'manda momwemo mvula isanagwe. Ndiponso oyilo amene anadikha mu intercooler atsanulidwe yense, chifukwa cha ngozi imene ndinene posachedwa.

MBALI YA MAFUTA

Mpaka pano takamba za mpweya wochepa. Koma muyeso utha kulakwikanso chifukwa mafuta achuluka kapena alowa moipa. Manozo a injini ya dizilo ayenera kufaitsa mafuta ngati nkhungu, monga mpope wabwino wopopera thonje. Mlimi aliyense wa thonje adziwa mmene mpope uchitira kamwa lake likatha: m'malo mwa nkhungu utulutsa madontho, mankhwala atha msanga ndipo mbozi sizifa. Nozo yotha iteronso. Idontha, madonthowo sapsa onse, utsi uda, injini igogoda ndipo ivuta kulira m'mawa. Dizilo wina atsikira mu oyilo. Tulutsani kachitsulo koyezera oyilo: mukapeza kuti oyilo akuonjezeka yekha m'malo mochepa, ali wamadzimadzi ndipo anunkha dizilo, imikani galimotoyo, pakuti oyilo wotere sateteza injini kapena turbo.

Chimene chipha manozo koposa ndi mafuta akuda. M'nyengo zimene mafuta anasowa m'dziko muno, monga mu 2011 ndi 2012, ndiponso kangapo kuyambira mu 2022, anthu ambiri anagula dizilo wa m'zigubu m'mbali mwa msewu. Ndidziwa kuti munthu amene thonje lake likudikira saona kuchitira mwina. Koma chigubu chimene dzulo munali madzi, kapena dizilo wothiridwa palafini kuti achuluke, ziononga pampu ndi manozo, pakuti zitsulo zimenezi zidalira dizilo yemweyo kuti ziterere, ndipo palafini ngwouma. Ogulitsa mafuta ovomerezeka ndi amene ali ndi chiphaso cha bungwe la MERA. Manozo ndi pampu siziyesedwa ndi maso pansi pa mtengo wa mango. Zichotsedwa ndi kukayesedwa pa makina ake m'magalaja akuluakulu, ndipo woyesayo akuuzeni nozo iti yalephera.

Pali chizolowezi china chimene ine ndidana nacho. Galimoto ya pampu yakale ikafooka, makaniko apotokola kasikuluwu ka pa pampu kuti mafuta apite ambiri, nati waitsegula. Uku ndiko kukweza chingwe cha nyali kuja. Mphamvu ionjezeka pang'ono, utsi uchuluka, injini itentha mopitirira, ndipo sefa yotsekeka kapena paipi yong'ambika ija ikadali momwemo.

GALIMOTO ZA PETULO

Timagalimoto tina ta petulo timene tibwera kuchokera ku Japan ndi ku Ulaya tirinso ndi turbo. Mmenemo woyeza mafuta ndi kompyuta, imene imva uthenga kuchokera ku tizipangizo toyeza. Kena kali pafupi ndi sefa, kawerenga mpweya wolowa. Tsono paipi ikabooka kutsogolo kwa kachipangizo kameneka, ziri ngati mai amene wawerenga alendo khumi pa chipata naphika nsima ya anthu khumi, osadziwa kuti anai atulukira pa mpanda wothyoka. Nsima itsala. Kompyuta ithira petulo wa mpweya wonse umene unawerengedwa, pamene wina wathawa panjira. Mukatulutsa mapulagi mupeza akuda ndi mwaye wouma, ku ekizozi kununkha petulo, ndipo thanki siichedwa kutha. Kachipangizoko kakada ndi fumbi nakonso kanama.

Kena kayeza kutentha kwa madzi a injini. Injini yozizira ifuna petulo wochulukirapo, kotero kachipangizoka kakafa nikamanena kuti injini njozizira tsiku lonse, petulo apita wambiri tsiku lonse. Zomwezo zichitika kwa aja amene achotsa thermostat ati chifukwa kuno nkotentha: injini siifika pa kutentha kwake koyenera, makamaka potsika mapiri kapena m'mawa. Kachitatu kali pa ekizozi, kanunkhiza utsi ndi kuuza kompyuta ngati petulo wapsa yense. Kanyali kachikasu kakayaka patsogolo pa woyendetsa, amakaniko alumikiza makina owerengera zimene kompyuta yasunga. Makinawo ngothandiza, koma angonena pamene pamveka kupweteka. Akanena kuti petulo wachuluka, sananene kuti mugule kachipangizo katsopano. Mwina ndi paipi yobooka ija.

NGOZI ZITATU

Yoyamba: m'galimoto za dizilo zatsopano mafuta apita ku manozo ndi mphamvu yoposa ya mpweya wa m'tayala kambiri mazanamazana. Kamtsinje kake kotuluka pa paipi yong'aluka kaboola khungu ngati singano, ndipo munthu atha kudulidwa chala kapena dzanja. Musafufuze podontha ndi dzanja injini ikulira, ndipo amene wabayidwa motere athamangire kuchipatala ngakhale bala lioneke laling'ono.

Yachiwiri: turbo ikatha kwambiri, oyilo alowa mu injini ya dizilo nayamba kuyaka ngati mafuta. Injini ithamanga yokha mopenga, utsi uli tolotolo, ndipo ngakhale mutulutse kiyi siizima. Woyendetsa aponde buleki mwamphamvu, alowetse giya yapamwamba ndi kusiya kilatchi kuti injini itsamwe. Zikakanika, anthu onse atalikire. Wina asayese kutseka polowera mpweya ndi dzanja kapena malaya.

Yachitatu ndi utsi womwewo. Injini yotentha mafuta moperewera itulutsa mpweya wakupha umene ulibe fungo. Musalize galimoto m'nyumba yotseka, ndipo inu nyakwawa muonetsetse kuti chigayo cha m'mudzi mwanu chiri ndi paipi yotulutsira utsi kunja, pakuti amai ndi ana ndiwo akhala mmenemo nthawi yaitali kudikira ufa.

KWA INU MAFUMU NDI ATSOGOLERI A MAKALABU

Milandu yambiri ya galimoto za gulu iyamba ndi dizilo. Alimi anena kuti woyendetsa akuba mafuta, iye akana, ndipo palibe umboni. Pena abadi. Koma pena mafutawo athera mu utsi wakuda, ndipo munthu wosalakwa achotsedwa ntchito nkutchedwa wakuba m'mudzi mwa makolo ake. Musanaweruze, lamulani kuti thanki idzazidwe, makilomita alembedwe, anthu awiri a m'kalabu akwere nawo ulendo wodziwika, monga wochokera ku Liwonde kufika ku Balaka ndi kubwerako, ndipo thanki idzazidwenso pamaso pao. Ngati galimoto yamwa mafuta ambiri mboni ziri momwemo, wakuba ndi injini. Kalabu iriyonse ikhale ndi kabuku kolembamo malita, makilomita, tsiku losintha oyilo ndi tsiku losintha sefa.

Makaniko akasintha chitsulo, chakalecho chibwezedwe kwa eni galimoto, ndipo asonyeze pamene chaonongeka. Makaniko woona mtima sakwiya nazo zimenezi. Woyendetsa naye mumuuze kuti m'mawa asaponde mafuta mwamphamvu injini itangolira, adikire kamphindi oyilo afike ku turbo. Ndipo akangotsiriza chitunda chachitali ndi katundu, asazimitse pomwepo, aileke ilire pang'onopang'ono mphindi imodzi kapena ziwiri kuti turbo izizire oyilo akuyendabe, pakuti oyilo woima m'chitsulo chotentha apserera natseka kapaipi kaja. M'miyezi ya fumbi sefa ya mpweya iyang'anidwe sabata iriyonse, osadikira makilomita olembedwa m'buku la galimoto, chifukwa amene analemba bukulo sanayendepo pa msewu wa ku Utale mwezi wa September.

Sabata ya mawa nthawi yomwe ino tidzakamba za kasamalidwe ka injini zopopera madzi m'madimba a m'mbali mwa Shire. Amene muli ndi mafunso pa nkhani ya leroyi mupereke kwa mlangizi wa m'dera lanu, iye adzatitumizira.